Filomena Wauza Mlendo Kuti Chimanga Chake Chinamira

Lolemba lapitali ndinatsala pang'ono kunama m'zilankhulo ziwiri nthawi imodzi. Ndikanakonda kukuuzani kuti chinandipulumutsa ndi chikhristu changa, koma ayi, linali diso la mlongo wanga Filomena.

Nkhani yake ili motere. Ine ndimaphunzitsa ku Fingoe, koma kwathu ndi mudzi wina wa ku Malowera, kumene galimoto ikadutsa anthu amaikambirana mpaka mawa lake. Gulu la alimi la m'mudzimo linkayembekezera mlendo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku bungwe lina limene lakhala likuwaphunzitsa malimidwe opirira nyengo zasokonekerazi. Mlangiziyo ndi mayi wachitsikana wochokera kum'mwera kwa dziko lino, dzina lake dona Selesite. Chinyanja chake chimayambira pa "muli bwanji" n'kuthera pomwepo. Ndiye anthu anati aitane mwana wa pamudzi adzamasulire Chipwitikizi. Ndinakwera mota, njinga yamoto ija, m'mamawa, n'kukafika fumbi lili mpaka m'makutu.

Msonkhano unali pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi. Wapampando wa gululi ndi bambo Domingu, koma aliyense amangowatcha aPulezidenti, ndipo dzinalo amalikonda. Ndi munthu wakhama, zimenezo sindingawalande. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Zambia, ndipo mpaka lero ali ndi abale kutsidyako amene amakawaona kawirikawiri. Kumeneko n'kumene anakaona ulimi wa m'maenje, uja anzathu amautcha gamphani. Umakumba timaenje m'chilimwe, kuthiramo manyowa, mvula ikagwa n'kubzalamo, kuti madzi ochepawo asathawe. Bungwe litabwera ndi ulimi womwewo, bambo Domingu anakhala ngati apeza m'bale wawo amene anasowa kalekale.

Dona Selesite anayankhula mosazungulira. Anati chaka chatha anabweretsa zinthu zambiri: maenje, kuphimbira nthaka ndi mapesi, mitengo ya msangu, mbewu yocha msanga, kusakaniza nandolo ndi chimanga. Chaka chino sangathe kulimbikitsa zonse, ndipo alimi nawonso ali ndi manja awiriawiri basi. Ankafuna kudziwa chomwe chathandiza ndi chomwe sichinathandize, kuti ayambe ndi chofunika kwambiri.

Ndinamasulira bwinobwino. Kenako anayamba kufunsa chimodzichimodzi.

Maenje? "Zayenda bwino!" M'manja phwaphwaphwa.

Kuphimbira ndi mapesi? "Zayenda bwino!" Apa ndinayang'ana pansi, chifukwa ndikudziwa kumene mapesiwo anapita. Kwathu tikangokolola, ng'ombe zimatayiriridwa kuti zidye m'munda wa aliyense, ndipo zimene zasiya ng'ombe amamaliza ndi moto wa osaka mbewa.

Mitengo ya msangu? "Zayenda bwino kwambiri, obirigadu!" Mbuzi zomwe zinadya mitengoyo zikanakhala pamsonkhanopo nazonso zikanawomba m'manja.

Apa m'pamene Filomena anaimirira.

Ndikuuzeni za iye pang'ono. Mwamuna wake anapita kokakumba golide kufupi ndi Fingoe, ndipo amabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Munda, ana, mbuzi, zonse zili pamutu pa Filomena. Munda wakewo uli m'mphepete mwa dambo, nthaka yake ndi makande, aja akuda oti m'chilimwe amauma ngati njerwa n'kung'ambika ming'alu yolowa phazi. Chaka chatha anakumba maenje m'makande amenewo dzuwa likuswa mtengo, manja mpaka matuza. Mvula itabwera yambiri, maenjewo anagwira ntchito imene anawakumbira, yosunga madzi, ndipo anawasungadi. Chimanga chinachita chikasu, kenako chinawola. Nkhokwe yake inatha ena asanayambe n'komwe kutapa zawo, ndipo wakhala akudyetsa ana ndi ganyu.

Tsono gulu linali litagwirizana kuti chaka chino wofuna mbewu ya ku bungwe ayambe waonetsa maenje. Filomena akanakhala chete, akanakumbanso maenje omwe aja n'kumizanso chimanga. Kuyankhula nako kunali ndi ngozi yake, chifukwa akanatha kuchotsedwa m'gulu n'kutsala wopanda mbewu, mvula ili pakhomo.

"Ine pepani, aPulezidenti," anatero, atagwira m'chiuno. "Kwanga sizinayende bwino. Maenje aja anasanduka zitsime. Chimanga changa chinamira chili chiimire. Amene anakolola m'munda mwanga ndi achule."

 Ndinamva munthu akundikoka malaya kumbuyo. Anali bambo Domingu.

"Pulofesoro," ananong'ona, "izo musamasulire. Lomba muuzeni mlendo kuti mayiwa akuthokoza pulojetu."

Kunena zoona, pakamwa panga panali patayamba kale kukonza mawu othokozawo. Munthu wamkulu wakupempha, mlendo akukuyang'ana akumwetulira, mudzi wonse ukudikira. Koma Filomena anapitako kusukulu pang'ono, ndipo Chipwitikizi chokwanira kugwira wabodza ali nacho. Anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo tili ana ndikabisa nzimbe.

"Achimwene, nenani mmene ndanenera. Mukachotsapo achule ndimva."

Ndinamasulira zonse, ndi achule omwe.

Inu owerenga, musafulumire kuwaweruza bambo Domingu. Kodi inuyo simunachitepo zimenezi? Mlendo akabwera kwanu mumamuonetsa chipinda chodontha? Wina akakupatsani malaya othina, mumanena kuti athina, kapena mumathokoza n'kukawapatsa mphwanu mlendoyo atapita? Tinaleredwa choncho, ndipo si khalidwe loipa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Bwanji kumukhumudwitsa munthu woti mawa kulibe?

Palinso china chomwe ife amene tinakhalako m'misasa ya othawa nkhondo tinabwera nacho. Kumeneko tinaphunzira kuti dzanja lokupatsa chakudya sulifunsa mafunso. Ukadandaula, mwina mawa dzina lako silimveka pamzere. Nkhondo inatha kalekale, ana amene anabadwa titabwerera ali ndi ana awo, koma mantha aja sanatithere. Galimoto ya bungwe ikaima pamudzi, mitima yathu imafolanso pamzere.

Vuto ndi lakuti malimidwe si malaya. Malaya othina ukhoza kuwapachika pamsomali osavulala. Malimidwe olakwika amakudyera miyezi ya thukuta ndi chakudya cha chaka chonse. Afanana ndi mankhwala: ukamuuza namwino kuti wachira pofuna kuti asakhumudwe, amakupatsanso omwewo, n'kupatsanso mnzako.

Ndipo kodi munaganizapo kumene "zayenda bwino" wathuyo amapita? Sathera pansi pa mango ayi. Amakwera galimoto kupita ku Tete. Kuchoka kumeneko amapita ku likulu, mwinanso kuwoloka nyanja, kumene kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa mayankho a alimi a m'maiko ngati lathuli, n'kuona kuti ndi malimidwe ati oyenera kuyamba nawo, kuti, komanso kwa yani. Anthu amenewo alibe ufiti woonera makande a Filomena ali kutali. Amadalira zimene ayesa m'minda ndi zimene ife tawauza. Tikayankha "inde" pa chilichonse, iwo asankha bwanji? Amabweranso ndi zonse, ife n'kuthamangira zonse, mpaka ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tibwerere kumsonkhano kuja. Nditamaliza kumasulira, ndinkayembekezera kuti nkhope ya dona Selesite igwa. M'malo mwake anatsamira kutsogolo ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa.

"Munda umenewo uli kuti?" anafunsa.

Bambo Domingu anayesetsa. Anati kudambo n'kutali, dzuwa lakwera, ndipo munda wawo wa pamsewu unali wokonzedwa kale kuti mlendo auone. Dona Selesite anati aona yonse iwiri.

Tinayamba ndi wa aPulezidenti. Apa ndinene chilungamo: maenje awo amagwiradi ntchito. Munda wawo uli kumtunda, nthaka yamchenga, madzi akagwa amangolowa n'kusowa. Chaka china mvula itadula pakati, ndinaona ndi maso angawa chimanga chawo chili chobiriwira pamene cha oyandikana nawo chinali chitapota masamba. Bambo Domingu sananame. Ananena zoona za kumchenga, n'kuzionetsa ngati zoona za mudzi wonse.

Kenako tinatsetsereka kudambo. Dona Selesite anatola chibuma cha makande, kuyesa kuchiphwanya ndi manja, osatheka. Anachithira madzi a m'botolo lake, chinasanduka phala lomata. Anafunsa Filomena kuti madzi anakhala nthawi yaitali bwanji, chimanga chinali chachitali bwanji pamene chinayamba chikasu, ndi zimene ankakolola kale akulima mizere.

Tili pomwepo, mayi wina wachikulire dzina lake Anjelina, amene munda wake wagundana ndi wa Filomena, anakhosomola.

"Kwanganso," anatero motsitsa. "Koma ine sindinanene kanthu."

Amayi ena awiri atatu anagwedeza mitu. Onsewa anali atawomba m'manja pansi pa mango paja.

Zimene dona Selesite ananena pamenepo ndi zimene zandikhalitsa pansi kuti ndilembe. Anati ofufuza amene ayesa malimidwewa m'madera osiyanasiyana anaona kale kuti maenje amathandiza kwambiri kumene mvula ndi yochepa ndipo nthaka ndi yopepuka, koma m'nthaka yolemera, chaka cha mvula yambiri, amatha kumiza mbewu. Kuphimbira n'kwabwino, koma kumene ziweto zimayenda momasuka mapesi safika nthawi ya mvula. Zimenezi iwo ankazidziwa. Chomwe sankadziwa n'chakuti m'mudzi uno muli makande, chifukwa mlangizi aliyense amene anabwerako anaonetsedwa munda wa pamsewu, n'kudya nkhuku, n'kubwerera.

Mwaona? Iwo anali ndi theka la nzeru, ife tinali ndi theka linalo, ndipo pakati pathu panaima ulemu.

Koma alendo athuwa nawonso ndili nawo mawu. Mumabwera m'chilimwe, misewu ili youma, minda ili mbee. Kodi munda mungauweruze mulibe mbewu? Bwerani mvula ili mkati, nthawi ija yoti kupita ku Chiputo mota umachita kuisenza m'malo moti ikusenze. Chachiwiri, musamabwere ndi mafunso ndi matumba a mbewu m'galimoto imodzi. Munthu wanjala akuona thumba kumbuyo kwanu angakuuzeni kuti zanu sizinayende? Chachitatu, mukafika pamudzi funsani amene anasiya. Amene akupitiriza akuuzani chifukwa chake chinthucho n'chabwino. Amene anasiya akuuzani kumene chimathera.

Madzulo a Lolembalo zinthu sizinali bwino. Mlendo atapita, kumjigo kunamveka kuti Filomena wathamangitsa pulojetu. Wina anati munthu wopanda mwamuna pakhomo ndiye amayankhula chonchi. Bambo Domingu anadutsa pakhomo pathu osapereka moni, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa. Filomena anakhala pakhonde akusenda chinangwa chimene anagwirira ganyu, osayang'ana munthu.

"Achimwene," anatero patapita nthawi, "mwina ndalakwa. Akandichotsa, semente, mbewu yobzala, ndiitenga kuti?"

Ndinamulimbikitsa ndi mawu ambirimbiri a uphunzitsi, koma ndisakunamizeni, ndinali ndi mantha. Ndinabwerera ku Fingoe mtima uli m'mwamba. Ine ndikanapitiriza kudya malipiro anga, koma iye ndi ana ake ndi amene akanalipira choonadi chimene ndinathandiza kutulutsa. Usiku wa Lachiwiri, Lachitatu, ndinkangodzifunsa ngati ndikanachita bwino kumvera aPulezidenti.

Lachinayi masana ndikutuluka m'kalasi, ndinapeza dona Selesite ataima pachipata cha sukulu, chipewa cha mota chili m'manja. Anati akubwerera ku Malowera mawa lake, ndipo akufunanso pakamwa panga. Sanandiuze zambiri. Ulendo wonse wa Lachisanu ndinkangoganiza kuti mwina akupita kukatsanzika.

Anthu anasonkhana ochuluka kuposa Lolemba. Ena anabwera kudzaona mmene Filomena achitire manyazi, tisabisane.

Dona Selesite sanabwere ndi thumba lililonse. Anati wakambirana ndi anzake, aonanso zimene ofufuza anapeza m'nthaka zofanana ndi yathu, ndipo akupempha kuti gulu ligawike malinga ndi nthaka. A kumchenga apitirize maenje, ndipo bambo Domingu ndi amene aziwaphunzitsa, chifukwa palibe wowaposa. A kumakande asiye maenje, aunde mizere yaitali yoti madzi azitsika, abzale mbewu yocha msanga, aikemo nandolo. Kuphimbira kudikire kaye mpaka eni minda ndi eni ng'ombe atakhala pansi, chifukwa palibe phindu lophikira ng'ombe za eni. Mitengo ibzalidwe pafupi ndi nyumba pomwe munthu angaitchingire. Lamulo loti mbewu ndi ya okumba maenje okha lichoke.

Anapemphanso chinthu chimodzi chimene chinandisangalatsa kuposa zonse. Aliyense asiye kachigawo kakang'ono m'munda momwemo, alime mmene ankalimira kale, pambali pa malimidwe atsopanowo. Nthaka imodzi, mvula imodzi, mlimi mmodzi. Pokolola sipadzafunika kuwomba m'manja, munda udzayankha wokha. Analonjezanso kubwera chimanga chili m'mawondo, ngakhale atayenda wapansi.

Ndikumasulira zimenezi ndinkayang'ana Filomena. Sanamwetulire, si munthu womwetulira pagulu. Anangomasula chitenje n'kuchimanganso, ndipo ine amene ndinakula naye ndikudziwa kuti pamenepo mtima wakhala pansi. Inenso chimwemwe chinandigwira mpaka mawu ena a Chipwitikizi anandithawa.

Bambo Domingu anamvetsera zonsezi chipewa chili pabondo. Ndinkaganiza kuti akwiya mpaka Khirisimasi. Msonkhano uli pafupi kutha, ndinamvanso munthu akundikoka malaya kumbuyo, malo omwe aja.

"Pulofesoro," anatero, ulendo uno osanong'ona. "Ichi mumasulire. Ndili ndi kamunda kena kumunsi, kufupi ndi kwa amake Rozita." Rozita ndi mwana woyamba wa Filomena. "Nakonso kanamira. Akazi anga akhala akundinena chaka chonse. Muwafunse a tekinika, alangiziwa, ngati ndingalowe magulu onse awiri."

Anthu anaseka mpaka mbalame zinathawa mumtengo. Filomena anawayankha kuti kumakande alandiridwa, koma kumeneko pulezidenti ndi wina.

Sindikunena kuti njala yatha ku Malowera. Mvula sinagwe, ndipo masiku ano palibe amene angalumbire kuti igwa liti kapena igwa yotani. Mwina mizere ya Filomena nayo idzakumana ndi zake. Koma ikadzakumana nazo, tsopano pali munthu woti amuuze, ndipo pali kachigawo kapambali koti ayerekezere. Chaka chamawa sadzayambira pomwe anayambira chaka chino. Nyengo yatisinthira, ndipo ife alimi a manja awiri sitingathe kuyesa chilichonse chimene chabwera pa galimoto. Tiyenera kusankha, ndipo wosankha bwino ndi amene wamva zoona, zokoma ndi zowawa zomwe.

Loweruka m'mawa ndisananyamuke ndinatsikira kudambo kukatsanzika. Ndinamupeza Filomena akukwirira maenje a chaka chatha, amayi Anjelina ali mbali inayo ndi khasu lawo. Ndinamufunsa mwachipongwe kuti ntchito ikuyenda bwanji.

"Mudzandifunse pokolola," anatero, osaweramuka.

Nanga inu, mlendo akadzaima pakhomo panu chaka chino n'kufunsa mmene zayendera, mudzamutengera kumunda uti, wa pamsewu kapena wa kudambo?